Masiku asanu ku mapiri a Troodos

LOLEMBA

Ndikulemba ndikuwotha moto m'kanyumba ka miyala komwe tachita lendi kuno ku Platres. Ana agona kale. Abambo awo ali panja ndi tochi, akuyeserera kumanga matcheni ku matayala a galimoto, ndipo aka n'kachitatu lero.

Abale kumudzi akamva kuti tili ku Cyprus amangoganiza za dzuwa ndi nyanja. Sakulakwa ayi, mu Ogasiti kuno kumatentha ngati ku Nsanje. Koma pakati pa chilumbachi pali mapiri a Troodos, ndipo kuyambira Januwale mpaka Malichi pamwamba pake pamagwa sinowo. Mzime wathu, wa zaka 5, wakhala akuloza nsonga yoyerayo kuyambira pa Khirisimasi. Anabadwira ku England, koma tinasamuka asanayambe kusunga zinthu m'mutu. Mlongo wake, wa zaka 11, amamusimbira za sinowo wa ku Catterick ngati munthu wobwera kuchokera ku Joni, iye n'kumangomeza malovu.

Amuna anga ndi mmodzi mwa Amalawi amene analembedwa usilikali wa Britain monga nzika za Commonwealth. Timakhala m'nyumba za asilikali ku Episkopi. Pamene Cyprus inkalandira ufulu mu 1960, Britain inatsala ndi zigawo ziwiri, Akrotiri ndi Dhekelia, ndipo Episkopi ili m'chigawo choyambacho. Mkati mwa mpanda muli zonse, sukulu, sitolo, tchalitchi, kachipatala, moti ukhoza kutha zaka ziwiri osadziwa kuti anthu a kuno amadya chiyani. Zimenezo ine sindizifuna. Komabe chimene chandikakamiza kuti tibwere kuno pa tchuthi cha ana cha mu Febuluwale n'china. Abambo awowa anali atachoka kwa miyezi inayi. Abwerera masabata atatu apitawo, koma miyendo yawo idakali kuntchito. Amadzuka 5 koloko popanda wowadzutsa, tiyi amamwa ataimirira, ndipo tikamapita kusitolo ana amachita kuthamanga kuti awapeze. Akazi a asilikali mukudziwa chimene ndikunena.

Tanyamuka 7 koloko. Kuno galimoto imayenda kumanzere ngati kwathu, nawonso anasiyiridwa ndi atsamunda omwewo. Titakhota pa Erimi n'kuyamba kukwera, malalanje akupsa tinawasiya kumbuyo, n'kulowa m'minda ya mpesa. Nyengo ino mpesa ulibe tsamba, ndi zitsa zakuda zokhazokha pa dothi loyera ngati laimu. Mitengo ya amondi yokha ndiyo yachita maluwa, oyera ndi apinki, tsamba lisanatuluke.

Tinaima pa mudzi wa Omodos. Bwalo lake ndi loyalidwa miyala, ndipo kumapeto kwake kuli nyumba yakale ya amonke ya Timios Stavros, kutanthauza Mtanda Woyera, kumene amasunga kachidutswa ka chingwe chimene amakhulupirira kuti chinamanga manja a Yesu. Agogo ena anali akuluka leisi padzuwa. Nditawapatsa moni wa "kalimera" anagwira mzime wathu patsaya n'kumupatsa soutzoukos: amatunga amondi pa ulusi n'kumaviika mu phala la madzi a mphesa kangapo mpaka kunenepa ngati kandulo, kenako n'kuumika. Tinagulanso arkatena, buledi wokulunga ngati nkhata amene amamufufumitsa ndi thovu la tchana. Ana amumaliza tisanafike n'komwe.

Nsima yausiku ndaphika ndi ufa womwe ndanyamula. Kumapiri kapena kunyanja, mphika wanga sundisiya.

LACHIWIRI

Kukagwa sinowo, apolisi a kuno amalengeza kuti misewu yokwera ku Troodos kuchokera ku Platres, Karvounas ndi Prodromos ndi ya galimoto zamatcheni kapena zoyendera matayala onse anayi. M'mawa uno analengeza zomwezo. Matcheni analowa m'mphindi zosakwana zisanu, ndipo ndinawathokoza abambowa ndi mtima wonse, poona anzathu ena atagwada m'mbali mwa msewu akulimbana nawo manja ali gwa.

Sinowo anayamba ngati timadontho ta ufa pansi pa mitengo ya paini. Titakhota kangapo dziko lonse linali mbuu. Mzime anangoti chete, mphuno atagunditsa pagalasi. Titatsika pa bwalo la Troodos anavula gulovu, n'kutapa, n'kunyambita. Kenako anatapanso, n'kufumbata mwamphamvu, ndipo patapita kanthawi zala zitayamba kuluma analira modabwa, akundiyang'ana ngati kuti chinthu chokongola chamupusitsa. Abambo ake anatenga timanjato n'kutilowetsa m'khwapa mwawo, mkati mwa jekete. Amati ndi mmene amachitira kuntchito.

Nsonga yayitali kwambiri ndi Olympus, mamita 1,952. Anthu a kuno amaitchulanso Chionistra, kuchokera ku mawu awo otanthauza sinowo. Ndinawauza ana kuti Sapitwa, pamwamba pa phiri la Mulanje komwe ndinakulira m'munsi mwake, ndi mamita 3,002. Wachisamba anafunsa msanga kuti nanga bwanji kulibe sinowo pomwe phirilo ndi lalitali kuposa la kuno. Abambo ake anajambula dziko ndi kamtengo pa sinowo pomwepo: Cyprus ili madigiri pafupifupi 35 kumpoto kwa mzere wa pakati pa dziko, Mulanje ili 16 okha kumwera, ndiye dzuwa la kwathu limawomba pamutu. Anamvetsa. Mpaka pamenepo tsiku linali bwino.

Pali kanjira kotchedwa Artemis kozungulira nsongayi, makilomita 7, kodutsa pakati pa paini wakuda, mitengo ina ya zaka mazanamazana. Iwo anaganiza kuti tikazungulire konse. Pamwamba pathu pankaoneka chimpira choyera cha rada ya asilikali a Britain, ndipo ndinaona kuti atangochiona msana wawo unawongoka. Phirili analikwerapo ndi anzawo, chikwama cholemera kumsana, wina akuwerenga nthawi. Anayamba kuyenda choncho. Kuyenda mu sinowo kuli ngati liwiro la mumchenga, limafuna kuyambira limodzi, koma iwo anali atatisiya kale. Kamnyamata kankatitimira mpaka m'mawondo, kakudzuka, kakugwanso, osadandaula chifukwa kankafuna kuwasangalatsa. Iwo ankaima patali, kuyang'ana wotchi, n'kukodola ndi dzanja.

Ndinaitana. "Bambo, taimani. Ameneyu si msilikali wanu, ndi mwana wanu."

Ndinalankhula mokweza kuposa mmene ndimafunira, ndipo phiri linabweza mawu anga. Anabwerera, n'kumunyamula paphewa, tonse n'kutembenuka. Palibe analankhula mpaka pagalimoto.

Masana tinagula kabwato ka pulasitiki kotsetserekera, ndipo ana anaiwala zonse. Ankatsika chitunda akukuwa ngati mmene ife tinkachitira pa khungwa la mtengo tili ana. Kumtunda kwake anthu ankaseweretsa ski, timatabwa titalititali tomanga kumapazi totsetserekera pa sinowo. Malo ake anawatcha mayina a milungu yakale ya Agiriki, Zeus, Hera, Hermes ndi Aphrodite.

Tinawaimbira amayi anga pa WhatsApp. Nyengo yozizira nthawi ya kuno imafanana ndi ya ku Malawi, ndiye tinawapeza akuchokera kumunda. Atangoona kuyera konseko anagwira pakamwa. "Mayo ine! Matalala onsewo, chimanga chatsala?" Kwathu chimanga chili ndi ngayaye tsopano, ndipo matalala a mu Febuluwale ndi maliro. Ndinawafotokozera kuti awa sagenda, amagwa mwakachetechete ngati ufa woyera pansi pa sefa, ndiponso kuti madzi ake akasungunuka ndi amene amatsikira m'madamu anthu n'kumwa m'chilimwe. Anapukusa mutu n'kumuuza mdzukulu wawo kuti, "Amuna anga, mutapeko pang'ono mudzandibweretsere." Iye sanazitenge mwanthabwala. Wadzaza chitini cha majarini, watseka, waika panja pazenera.

LACHITATU

Kwacha ndi nkhungu ndi kamvula kowaza, chiperoni chenicheni cha mu Julaye. Kosewera kunalibe, ndiye tinatsikira mbali ya kumpoto.

Choyamba tinaima pa mgodi wakale wa Amiantos, pomwe ankakumba asibesitosi kuyambira 1904 mpaka 1988. Phiri analisenda mbali yonse. Tsopano akulidzalanso mitengo m'mizere, koma chipsera chikuonekabe. M'nyumba imene inali sukulu ya ana a anthu a mumgodi aikamo zoonetsa za miyala ya Troodos. Wachisamba sanafune kutulukamo. Chamuzunguza mutu n'chakuti mapiri onsewa anali pansi pa nyanja zaka pafupifupi 90 miliyoni zapitazo, n'kukankhidwira kumwamba, moti miyala imene dzulo tinkaiponda pansonga ndi imene inali pansi penipeni kuposa ina yonse. Akatswiri a miyala amachokera kutali kudzaona zimenezi.

Kenako Kakopetria, dzina lotanthauza mwala woipa. Kunja kwa mudziwu kuli katchalitchi ka Agios Nikolaos tis Stegis, Nikolasi Woyera wa Denga, kamodzi mwa matchalitchi 10 a m'mapiri muno amene UNESCO inawaika m'kaundula wake chifukwa cha zojambula za m'makoma. Kanamangidwa m'zaka za m'ma 1000. Ukakaona kunja umangoti ndi nkhokwe ya mlimi, chifukwa pamwamba pa denga lake lozungulira anaikapo denga lachiwiri losongoka loteteza ku mvula ndi sinowo. Mkati mulibe khoma lopanda chithunzi.

Chimodzi ndi cha asilikali 40 a ku Sebaste. Anali asilikali a Roma, Akhristu, amene anawaimika usiku wonse m'dziwe lozizira kwambiri, ali ovula, chifukwa chokana kusiya chikhulupiriro. Wojambulayo anawaunjika pamodzi, nkhalamba ndi anyamata, nthiti zikuoneka, wofooka atatsamira pa mnzake. Ine ndi ana tinazungulira tchalitchi chonse n'kubwerera, abambowa adakali pomwepo, chipewa chili m'manja.

Tinadya supu ya trahana, ya tirigu wosinja amene anamuviika mu mkaka wowawasa n'kumuumika, muli tizidutswa ta tchizi cha halloumi. Ana anakwinya nkhope, ine ndinaikonda. Ili ndi kakuwawasa konga ka chambiko.

Usiku uno, ana atagona, anayamba okha. Anati pamene ukutsogolera anyamata, ukachedwa wina amavulala, ndipo thupi limazolowera mpaka kuiwala kuti palinso kuyenda kwina. Anati dzulo atatembenuka n'kuona kamwana kali m'mawondo mu sinowo, anachita manyazi amene sanachitepo pamaso pa mkulu aliyense wa asilikali. Ine ndinapepesa chifukwa chowakalipira pamaso pa ana. Ndinawauzanso za malemu bambo anga, amene ankanyamula katundu wa alendo okwera phiri kuchokera ku Likhubula. Ankatha kufika ku Chambe mlendo asanafike theka la njira, koma sankatero. Ankayenda kumbuyo kwa wofooka kwambiri pagulupo, n'kumamuuza pomwe aponde. Sanandiyankhe. Anangowonjezera nkhuni pamoto.

LACHINAYI

Lero linali tsiku lalitali, ndipo msewu wake ndi wokhotakhota moti tinaima kawiri kuti mzime apume mphepo.

Kykkos ndi nyumba ya amonke yotchuka kwambiri pachilumba pano. Inakhazikitsidwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1000, pa nthawi ya mfumu Alexios Komnenos ya ku Constantinople, ndipo yapsapo kangapo n'kumangidwanso. Makonde ake ndi okutidwa ndi zithunzi za timiyala tagolide. Chuma chake chachikulu ndi chithunzi cha Mariya chimene amati anajambula ndi Luka mlembi wa Uthenga Wabwino. Nkhope yake ndi yophimbidwa, palibe amaiona. Anthu anali pamzere, akupsompsona chophimbacho, ena misozi ili m'maso. Ine ndine wa CCAP, izi sindinakule nazo, koma ndinaima chete n'kuwauza ana kuti achite chimodzimodzi. Pemphero la munthu wina silisekedwa.

Makilomita atatu kumtunda, pa Throni, pali manda a Makarios. Analowa ku Kykkos ali mnyamata wa zaka 13, anadzakhala mkulu wa mpingo wa Orthodox pachilumbachi, n'kutsogolera anthu pokana ulamuliro wa Britain. Mu 1956 anamuthamangitsira ku Seychelles. Mu 1960 anakhala pulezidenti woyamba, ndipo anamwalira mu 1977. Pali chiboliboli chake chamkuwa, chachitali mamita 10, chimene anachichotsa ku Nicosia n'kudzachiimika pano.

Wachisamba anawerenga zonsezi mosamala, kenako anafunsa funso limene ine ndinkaliopa. "Adadi, ndiye amene anamugwirawo ndi a kuntchito kwanu?"

Ndinaganiza kuti azemba. Sanazembe. "Inde mama, ndi boma lomwelo limene ndimalivalira yunifolomu. Ndi lomwelonso linatsekera Kamuzu ku Gwelo ndi kupha anthu ofuna ufulu mu 1959, n'chifukwa chake pa 3 Malichi kwathu sagwira ntchito. Ndipo agogo anga, amene unaona chithunzi chawo chija, anamenyera boma lomwelo nkhondo ku Burma ali msilikali wa King's African Rifles (KAR). Zonsezi n'zoona. Ukule ukuzidziwa zonse." Mtsikanayo anagwira dzanja lawo, ndipo sanalisiye mpaka potsika.

Tinapitirira kumadzulo, m'nkhalango ya Paphos, mpaka ku Cedar Valley, m'munsi mwa phiri la Tripylos. Uku n'kumene ine ndinkafunitsitsa. Kuli mikungudza ya mtundu umene umamera wokha ku Cyprus kokha, ya timasamba tatifupi, nthambi zake zoyala ngati mathandala. Sinowo anali wochepa, m'mithunzi mokha. Kunalibe munthu wina aliyense.

Nditatikita kanthambi kouma n'kununkhiza, ndinafika m'chipinda cha bambo anga. Anali ndi bokosi la mkungudza wa ku Mulanje momwe ankasungamo jekete la kutchalitchi, ndipo Lamulungu lililonse ankanunkhira mtengo umenewo. Akatswiri amati wa kwathu ndi wa kuno si pachibale kwenikweni, ndipo fungo la kwathu ndi lamphamvu kuposa ili. Koma mtima sunafunse akatswiri. Ndinakhala pamwala n'kulira pang'ono.

Sindinkalirira bambo okha. Mkungudza wa ku Mulanje unasankhidwa kukhala mtengo wa fuko lathu mu 1984. Sudyedwa ndi chiswe, suwola msanga, ndipo ubwino wakewo ndi umene unauphetsa. Mu 2017 atayenda phiri lonse kuwerenga, anapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha. Ndili mwana tinkaona amuna akutsika ndi matabwa pamutu, opanda nsapato, ndipo sindingawaweruze, chifukwa ndikudziwa zimene ankadya kunyumba kwawo. Koma malole amene ankadikira m'munsi sanali a anthu osauka. Kuno nawonso nkhalango yawo inatsala pang'ono kutha ndi mbuzi ndi moto, n'kulimba mtima kuchotsamo ziweto ndi kuilondera. Kwathu midzi yozungulira phiri yafesa mbande zambirimbiri n'kukazidzala pamwamba. Ndimapemphera kuti moto uzilambalala, koma mthunzi wake ine sindidzaukhala.

Pali kanjira kokwera ku Tripylos. Tisanayambe, abambowa anavula wotchi n'kuiika m'thumba. "Achimwene, lero mutsogole ndinu," anatero kwa mzime. Ndipo anatsogoladi. Ankayenda mapazi khumi n'kunjuta. Zibalobalo za mkungudza sizigwa zathunthu ngati za paini, zimaima chilili panthambi n'kumasasuka kachidutswa kamodzikamodzi, nsonga yake n'kugwa ngati duwa la thabwa. Iye ankatola timaluwa timeneto, kalikonse n'kukaonetsa abambo ake, iwo n'kunjuta naye, kukatembenuza, kufunsa ngati n'kokongola kuposa koyamba kaja. Pamatope tinapeza mapazi a ziboda ziwiri. Ndi a nkhosa zamtchire za kuno, mouflon, zimene eni ake amati agrino. Sitinazione, n'zamantha kwambiri. Wachisamba anapisa m'thumba n'kutulutsa kandalama ka masenti 5, chifukwa pa timayuro tachitsulo ta Cyprus ta masenti 1, 2 ndi 5 pali chithunzi chake. Awiriwo anagwada n'kumayerekeza nyanga za pa ndalama ndi mapazi a pa matope, kaya ankafuna kupezapo chiyani.

M'maola awiri sitinayende ngakhale kilomita imodzi. Pansonga sitinafikepo. Ine ndinali kumbuyo kwa onse, ndikuyang'ana msana wa amuna anga, ndipo mapewa awo anali atatsika.

LACHISANU

Tatsika lero. Kuchokera pa moto wa nkhuni kufika povula majuzi sipanathe ola limodzi.

Tisanalowe kunyumba tinadzera ku nyanja ya mchere ya Akrotiri. M'chilimwe imauma n'kukhala chigwa choyera, koma mvula ikagwa imadzaza ndipo mbalame za flamingo zimabwera kudzathera nyengo yozizira. Zinali patali, mzere wapinki pamadzi, mitu ili pansi zikusefa chakudya. Ukatembenuka, kumbuyo kukuoneka nsonga yoyera imene tachokerayo.

Tili pomwepo foni yawo inalira. Anawerenga, n'kundipatsa kuti ndiwerenge ndekha. Mwezi wamawa gulu lawo likupita ku Kenya kukachita maphunziro, masabata asanu ndi umodzi. Ana tiwauza Lamulungu tikachoka kutchalitchi.

Titafika pakhomo, mzime anathamangira chitini chake. Anatsegula n'kupeza madzi, muli tisingano tiwiri ta paini tikuyandama. Milomo inayamba kunjenjemera. Abambo ake anali atanyamula zikwama ziwiri, koma anaziika pansi pakhonde pomwepo. Anamufotokozera kuti sinowo sanathawe, wangosintha, ndipo anamufunsa kuti agogo akanakhala pano akanachita nawo chiyani madzi amenewa. Anaganiza kwa nthawi, kenako anati akanathirira mpiru.

Kuseri kwa nyumba ndili ndi kadimba ka mizere itatu, mbewu zake ndinachokera nazo kumudzi. Anapita awiri, wamng'ono patsogolo atagwira chitini ndi manja onse awiri kuti asataye, wamkulu pambuyo. Anathirira phando lililonse dontho dontho mpaka madzi anatha. Ndawajambula, ndipo ndawatumizira agogo awo. Zikwama zija zidakali pakhonde.